Zimene chiyankhulo cha m'minibasi chimaulula za Lilongwe

Ndikufuna tikambirane za chiyankhulo chimene ambiri mwa ife timachimva kawiri pa tsiku, m'mawa popita kuntchito ndi madzulo poweruka, koma sitichitenga ngati chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa. Ndikunena mawu a m'minibasi: amene woitanira amakuwa pa siteji, amene kondakitala amauza dalaivala wake, ndi amene okwera amauzana atapanikizana pampando. Ena mwa anthu ophunzira amati chimenechi ndi Chichewa chowonongeka, ndipo makolo ambiri amati ndi mwano chabe wa anyamata osalangizidwa. Mfundo yanga ndi ina. Chiyankhulo chimenechi chikugwira ntchito imene m'mizinda ina imagwiridwa ndi tikiti, chikwangwani, ndandanda ya nthawi ndi lamulo lotsatidwa. Poti kuno zinthu zimenezo kulibe, kapena zilipo papepala pokha, katundu yense wagwera pakamwa pa anthu. Choncho munthu wofuna kudziwa mmene mayendedwe a mumzinda uno alili ayenera kutchera khutu ku mawu amenewa ngati umboni, ndipo wofuna kuti mawuwo asinthe ayenera kuyamba wasintha zimene zimawabala.

Tiyambire pa mmene mzindawu unayalidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Okonza mapulani sanafune mzinda wothithikana. Anaugawa m'zigawo zotalikirana, motsatira msewu wa M1: tauni yakale kummwera, Capital Hill pakati, Kanengo ya mafakitale kumpoto, ndi Lumbadzi kutsogolo kwake, pakati pa zigawozo n'kusiya mitengo ndi madambo. Kuno ku Kanengo kunabwera okushoni ya fodya, makampani okonza fodyayo, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga, ndi njanji yochokera ku Salima imene inafika mu 1979. Koma njanjiyo ndi ya katundu, sinyamula wantchito ndi mmodzi yemwe kupita naye kuntchito. Mzinda woyalidwa chotero umamukomera munthu wokhala ndi galimoto yakeyake. Munthu wa ku Mgona kapena mbali zina za Area 25 atha kuyenda wapansi n'kufika pa geti ya kampani nthawi yabwino. Koma wa ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 kapena ku Chinsapo ayenera kukwera kawiri: koyamba kukatsika m'tauni, kachiwiri kuchoka m'tauni kubwera kuno, madzulo chimodzimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu oposa 989,000, ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto. Nyengo ya fodya ikafika, cha mu Epulo, chiwerengero cha olowera ku Kanengo m'mamawa chimakwereranso chifukwa cha antchito a sizoni.

Anthu onsewa kale ankadalira mabasi akuluakulu. Achikulire muno mukukumbukira mabasi a United Transport Malawi, amene pambuyo pake anagulidwa ndi kampani ya Stagecoach, kenako n'kukhala Shire Bus Lines, imene inadzatha m'zaka za m'ma 2000. Mabasi amenewo anali ndi zovuta zawo: ankachedwa, ankadzaza mpaka ena kuimirira, ndipo anali ochepa. Koma anali ndi tikiti yolembedwa mtengo, anali ndi malo odziwika oimapo, ndipo kondakitala anali wantchito wapamwezi wovala yunifomu. Wokwera sankafunika kuyankhula zambiri. Ankapereka ndalama, kulandira kapepala, n'kudikira siteji yake. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, minibasi zakale zochokera kunja, makamaka ma Toyota Hiace, zinadzaza misewu, ndipo mabasi a m'tauni anazimiririka. Minibasi iliyonse ili ndi mwini wake, ilibe nthawi yonyamukira, mtengo wake umasinthasintha, ndipo imaima paliponse pamene pali munthu wokweza dzanja. Zonse zimene kale zinali zolembedwa zinasanduka zokambirana pakamwa, ulendo uliwonse, pakati pa anthu osadziwana amene akufulumira. Chiyankhulo chimene tikukambachi chinabadwira m'mpata umenewo.

Taonani zimene zimachitika pa depoti ya m'tauni dzuwa lisanatuluke bwino. Minibasi zingapo zaima, zonse zopita njira imodzi, ndipo palibe chikwangwani chonena kuti iti inyamuka liti. Woitanira akumenya chitseko ndi chikhatho uku akukuwa: "Kanengo, Twente-faifi! Mmodzi yekha wachangu! Yonyamuka iyi!" Dalaivala akuponda mafuta kuti injini ilire, n'kuyendetsa galimoto pang'ono ngati akupita, kenako n'kubwerera pomwe anali. M'katimo mwakhala anthu asanu ndi mmodzi, koma wokwera wozolowera amadziwa kuti ena mwa iwo sali paulendo. Ndi anyamata a pomwepo amene akhalamo kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo azitsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Tsono mawu akuti "mmodzi yekha" palibe amene amawamva ngati chiwerengero. Wokwera amamvetsera liwu, kusuzumira pawindo, kuona ngati okhalawo ali ndi zikwama ndi nkhope za anthu ochedwa kuntchito, kenako n'kusankha. Imeneyo ndiye ndandanda ya nthawi ya mzinda uno, ndipo imawerengedwa ndi khutu ndi diso. Mlendo wochokera kumudzi amapusitsidwa nayo kamodzi kapena kawiri, kenako amaiphunzira. Nzeru imeneyi ndi yeniyeni, koma tisaiwale kuti munthu akuiphunzira chifukwa palibe amene angamuuze zoona za nthawi imene galimoto inyamuke.

Mukalowa mumakumana ndi mawu amene afala kuposa onse: "folo-folo". Lamulo limati mzere uliwonse pakhale anthu atatu. Kondakitala akati "folo-folo, makolo", akulengeza kuti ulendo uno lamulo lija silikugwira ntchito, ndipo akupempha okwera kuti avomereze. Kenako pamabwera "tasunthani pang'ono", "tithandizane pamenepo", "mwanayo mumunyamule", "chikwamacho pamwendo". Munthu wachinayi amangokhalira thako limodzi, wina amatsamira kutsogolo kuti mnzake atsamire kumbuyo, mapewa n'kulowana. Ena amakhala pa injini kumbuyo kwa dalaivala atayang'ana kumbuyo, maondo atalukana ndi a okhala mzere woyamba, ndipo kondakitala mwini amaima chowerama pamwamba pa mitu ya anthu, msana uli kudenga. Inu a ku Kanengo mumadziwa mmene fodya amadindidwira m'belo ndi jeke. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wodindidwayo amapemphedwa mwaulemu kuti adzidinde yekha. N'chifukwa chiyani kondakitala amachita zimenezi? Yankho lili m'mawu ena amene okwera sawamva kawirikawiri koma amalamulira tsiku lonse la dalaivala: tageti. Mwini galimoto amafuna ndalama yoikika madzulo aliwonse. Pamwamba pake pali mafuta, ya woitanira pa siteji iliyonse imene wadzazitsa, ndi zimene zimatsala pamsewu akaimitsidwa. Zotsala pambuyo pa zonsezo ndiye chakudya cha dalaivala ndi kondakitala. Munthu wachinayi pamzere uja ndiye ndiwo za kunyumba kwa kondakitala, ndipo okwera ambiri amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadandaula koma n'kusuntha.

Nkhani ya ndalama nayo ili ndi mawu ake. Mtengo sulembedwa, choncho umakambidwa pakhomo munthu asanakwere: "Ndili ndi faifi hanzi yokha." "Onjezerani thu hanzi, madala." M'mawa wopita ku Kanengo amalipira mtengo wokwera chifukwa ofuna kukwera ndi ambiri, masana mtengo womwewo umatsika, mvula ikagwa madzulo umakweranso. Galimoto ikanyamuka kondakitala amati "tiyeni tione kumbuyoko", ndipo ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja kuchoka mzere womaliza, aliyense akunena za mnzake: "ya awiri iyo", "wa jekete wapereka yaikulu". Kondakitala amapinda ndalama zamapepala m'litali n'kuzilowetsa pakati pa zala, mtundu uliwonse mpata wake, ndipo amasunga m'mutu kuti ndani watsala ndi chenje chingati, ndani atsikira pati. Palibe risiti, ndiye mboni ndi okwera anzako. Wina akati "chenje changa, kondakitala", mawuwo amanenedwa mokweza dala kuti galimoto yonse imve, chifukwa mkangano ukabuka ndi anthu omwewo amene adzaweruze. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta akhala akusowa kangapo m'zaka zimenezi. Nthawi iliyonse yotero mtengo watsopano sunafike kwa wokwera kudzera m'chikalata. Unafika kudzera pakamwa pa kondakitala, ndipo iyeyo ndiye analandira mkwiyo wonse wa anthu amene malipiro awo sanakwere.

Pali mawu ena amene ndimaona kuti amanena zoona mosabisa kuposa lipoti lililonse. Minibasi ikafika pakati panjira okwera atachepa, dalaivala amaona kuti kupitiriza n'kuwononga mafuta, ndiye amaimitsa ina, kondakitala n'kupatsa mnzake kandalama, okwera n'kuuzidwa kuti asamukire m'menemo. Anthu amati "atigulitsa". Palibe mawu ena amene akanalongosola bwino malo a wokwera m'dongosolo limeneli, pakuti pangano lake linali ndi galimoto yoyamba, koma lasamutsidwa iye osafunsidwa. Chimodzimodzinso maina a masiteji. Manambala a ma Area a mu Lilongwe satsata kuyandikana kwa malo: Area 23 ndi Area 25 zili mbali zosiyana za mzinda, ndipo misewu yambiri ya m'makomboni ilibe zikwangwani. Mapu amene anthu amayendera anapangidwa ndi okwera ndi makondakitala. Munthu amatsika pa Amina, pa Bwandilo, pa Nsungwi, pa Wakawaka, pa Biwi Triangle, ndipo mukalowa m'kati mwa malokeshoni mumamva "pa chigayo", "pa hampu", "pa transifoma", "pa mtengo". Nthawi zina chigayocho chinatsekedwa kalekale, mtengowo unadulidwa, koma dzina likadalipo ndipo aliyense amadziwa poimira. Wokwera akakuwa kuti "wotsika!" kondakitala amagogoda denga kapena chitseko, dalaivala n'kupatuka. Belu limene mulibe m'galimotomo lalowedwa m'malo ndi liwu ndi chibakera.

Kuti tione ngati mfundoyi ili yoona, tiyang'ane kutali, kumene mayendedwe olembedwa ndi mayendedwe okambirana pakamwa amapezeka mumzinda umodzi. Ku Hong Kong anthu ambiri amayankhula Chikantoni, ndipo mzindawo uli ndi sitima zapansi panthaka za MTR zimene zinayamba kuyenda mu 1979, komanso khadi yolipirira ya Octopus imene inayamba mu 1997. M'sitima zimenezo anthu amapanikizana koopsa, koma munthu atha kuyenda ulendo wonse osatsegula pakamwa, chifukwa mtengo, siteji ndi nthawi zonse n'zolembedwa. Mumzinda womwewo muli minibasi, zimene boma linazivomereza mu 1969. Zadenga lobiriwira zili ndi njira ndi mitengo yoikika, pamene zadenga lofiira zimasankha zokha njira ndi mtengo. M'minibasi zimenezi wokwera kuyambira kale amayenera kukuwa kuti "yau lok", kutanthauza kuti pali wotsika, n'kutchula malo ake mwachidule monga mmene dalaivala amawadziwira, ndipo alendo amaopa kuzikwera chifukwa sadziwa chonena. Anthu ake ndi omwewo, chinenero n'chimodzi, koma pamene dongosolo lalemba zonse pakamwa pamapuma, ndipo pamene silinalembe pakamwa pamagwira ntchito. Kufupi kuno n'chimodzimodzi. Ku Nairobi chiyankhulo cha Sheng chinakulira limodzi ndi matatu, ku Dar es Salaam kuli oitanira a daladala otchedwa wapiga debe, ku Harare kuli mahwindi, ku Lusaka kuli ang'wang'wazi. M'mizinda yonseyi mabasi a boma kapena a kampani imodzi yaikulu anafooka kapena kutha, ndipo monsemo munamera anthu a pakhomo la galimoto pamodzi ndi mawu awo.

Tsopano ndiyankhe amene sagwirizana nane, kuyambira ndi aphunzitsi ndi ena okonda chinenero, amene amati mawu ngati "folo-folo", "hanzi" ndi "tageti" akuipitsa Chichewa. Nkhawa yawo ndi yomveka. Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kuti lichisamale, ndipo ntchitoyo inapitirira ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Anthu anakhetsa thukuta kuti tikhale ndi kalembedwe kamodzi ndi mtanthauziramawu. Koma tamvetserani bwino chiganizo cha kondakitala. Akati "ma hanzi awiriwo abwere kuno", mawu obwerekedwa alowa m'gulu la maina, alandira mgwirizano wake, mneni waima pamalo pake. Mafupa a chiganizo ndi a Chichewa chenicheni. Chinenero chathu chinachita zomwezi kalekale ndi mawu ngati sukulu, buku, foloko ndi galimoto, ndipo lero palibe amene amawaona ngati alendo. Akatswiri athu omwe anaona kale kuti pali chinthu choyenera kuchifufuza apa: Francis Moto analemba mu 2001 za chinenero chatsopano cha achinyamata a m'Malawi, ndipo Chimwemwe Kamanga anafufuza mozama chiyankhulo cha m'matauni chimene chimatchedwa Chibrazi. Choopsa chenicheni kwa chinenero ndi kusiyidwa, pamene anthu ayamba kuona kuti sichingakwanitse ntchito za moyo wa lero. M'minibasi Chichewa sichinasiyidwe. Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena ndi Mburundi wa golosale akakumana m'galimoto yopita ku Kanengo amamvana m'Chichewa chimenechi, ndipo ambiri obwera mumzinda amachiphunzirira momwemo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Anthu amati m'minibasi muli mwano, ndipo n'zoona. Amayi ndi atsikana ndiwo amaumva kwambiri: kunenedwa za kavalidwe, kunenedwa za thupi, kukokedwa dzanja kapena kulandidwa chikwama ndi oitanira olimbirana wokwera. Mayi wonenepa amauzidwa pagulu kuti alipire mipando iwiri. Munthu wolumala amadutsidwa pa siteji chifukwa akuti achedwetsa galimoto. Zimenezi si luso la chinenero, ndi nkhanza, ndipo wochita zimenezi ayenera kudzudzulidwa pomwepo ndi kulangidwa. Koma tikamvetsera tsiku lonse, osati mphindi ya mkangano yokha, tipeza kuti mawu ambiri a kondakitala ndi aulemu, ndipo ndi ulemu wa pachibale. Mayi wachikulire ndi "masteni" kapena "amayi", bambo ndi "madala", wovala tayi ndi "bwana" kapena "abigi", mtsikana ndi "sisi", mnyamata mnzake ndi "amwene", ndipo galimoto yonse ndi "makolo". Mnyamata amene akufuna kuti anthu anayi akhale pa malo a atatu alibe mphamvu iliyonse yowakakamiza. Chida chake n'kuwasandutsa abale kwa mphindi makumi atatu, kuti kukana kusuntha kuoneke ngati kumana mwana wako malo. Mwano umabuka nthawi zambiri pamalo atatu odziwika: pa mtengo umene sunagwirizanidwe bwino, pa chenje chimene chachedwa, ndi pa kulimbirana wokwera. Onsewo ndi malo amene tikiti ndi mzere wa galimoto wolemekezedwa zikanatseka pakamwa pa aliyense.

Dziko lino linayesapo kuthetsa vutoli poyambira kukamwa. Mu 2006, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, boma linaletsa ntchito yoitanira minibasi, chaka chomwecho chimene mavenda anachotsedwa m'misewu. Zifukwa zake zinali zomveka: kuba, kuzunza apaulendo ndi phokoso. Kwa kanthawi masiteji anakhala bata. Koma aliyense amene wadutsa pa depoti posachedwapa akudziwa kuti oitanira anabwerera, ndipo amathamangitsidwa n'kubwereranso. Chifukwa chake si kuuma mutu kokha, kapena ulova wokha, ngakhale ulova ulipo wadzaoneni. Ntchito imene ankagwira inatsala pomwepo popanda woigwira. Panafunikabe wina wouza wokwera kuti galimoto iyi ikupita kuti, wina wosunga mzere kuti madalaivala asamenyane, wina wokweza thumba la makala kumbuyo. Lamulo linachotsa munthu koma silinaike chikwangwani, nthawi yoikika kapena wantchito wa khonsolo m'malo mwake. Ku Kenya, malamulo a nduna John Michuki a mu 2004 anayesa njira ina: analamula malamba, zida zochepetsa liwiro, mayunifomu, ndi kuti madalaivala ndi makondakitala alembedwe ntchito yapamwezi. Kutsatidwa kwake kunafooka patapita zaka, komabe anazindikira chinthu chimodzi chofunika, kuti khalidwe la pakhomo la galimoto limachokera ku mmene munthu wa pakhomoyo amalipidwira.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kumandivutitsa maganizo kwambiri, ndipo kumachokera mbali ina. Wina atha kunena kuti poyamikira chiyankhulochi tikukometsera mavuto. Mawu okoma ndi nthabwala za m'minibasi zimachititsa kuti chinthu choopsa chizioneka chozolowereka. "Folo-folo" amamveka ngati sewero, koma minibasi yodzaza mopyola muyeso, ya matayala akutha, ikachita ngozi pa M1, ovulala ndi omwalira amachuluka chifukwa cha munthu wachinayi yemwe uja. "Tithandizane" amasandutsa kuphwanya lamulo kukhala chifundo, ndipo wokwera amene wakana kusuntha, amene kwenikweni ali kumbali ya lamulo, ndiye amaoneka wodzikonda n'kuuzidwa kuti akagule yake galimoto. Kutsutsa kumeneku ndikukuvomereza pafupifupi konse. Mawu amathadi kugonetsa anthu tulo. Kumene ndikusiyana nako n'kwakuti kuchotsa mawuwo sikungachotse munthu wachinayi. Tinaziona mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, boma litalamula kuti minibasi zichepetse okwera. Anthu anakhala motakasuka, "tasunthani" anasowa, koma mitengo inakwera nthawi yomweyo, chifukwa tageti ndi mafuta sizinatsike. Ambiri amene sakanatha kulipira anayamba kuyenda wapansi, ena n'kukwera kabaza. Zinthu zitabwerera m'malo, folo-folo anabwerera. Kupanikizana kuja ndi njira imene wosauka amagawanira mtengo wa ulendo ndi anzake, ndipo kudzatha pokhapokha patapezeka njira ina yotsitsira mtengowo: galimoto zazikulu zonyamula anthu ambiri pa mafuta omwewo, njira zachindunji zochoka ku Kawale kapena ku Area 23 kufika ku Kanengo osadzera m'tauni, ndi makampani ambiri otumiza mabasi kukatenga antchito awo monga ena amachitira kale. Misewu ya mumzinda uno yakuzidwa m'zaka zapitazi, ndipo mphambano yodutsana m'mwamba ya pa Area 18 inamalizidwa mu 2020, koma msewu wotakata wopanda basi yodalirika umathandiza kwambiri amene ali kale ndi galimoto.

Ena amati mawu otere sakhalitsa, lero alipo mawa apita, ndiye kuwalemba n'kutaya nthawi. Mawu ena amapitadi msanga. Koma matola, kabaza, siteji ndi depoti akhala nafe zaka zambiri ndipo alowa m'nyuzipepala ndi pawailesi. Ndipo ngakhale amene amafa msanga amasiya chizindikiro cha nthawi yawo: dzina limene anthu anapatsa ndalama yatsopano, kapena mtundu wa galimoto umene unadzaza misewu chaka chakutichakuti, monga mmene dzina la Sienta lasandukira dzina la ulendo wa pa galimoto yaing'ono yolipira mmodzimmodzi. Wolemba mbiri ya Lilongwe zaka 50 zikubwerazi adzapeza mapulani a mzinda ndi malipoti a unduna, koma sadzapeza mmene wantchito wa sizoni wa ku Chinsapo ankafikira pa okushoni m'mawa, pokhapokha wina atalemba zimene zinkanenedwa panjira. Ntchito imeneyi si yodula. Ophunzira a m'makoleji athu atha kuigwira ndi foni ndi kope, atapempha chilolezo kwa eni mawu ndi kuwatchula ngati aphunzitsi awo pa nkhaniyi, pakuti ndi mmene alilidi.

Ndipo pali phindu lina lapafupi kuposa la wolemba mbiri. Khonsolo ya mzinda, nthambi yoona za pamsewu, bungwe la eni minibasi la MOAM ndi bungwe loimira apaulendo la PAWA akakhala pansi kukonza za mayendedwe, kawirikawiri dalaivala, kondakitala ndi woitanira sakhala pa tebulopo, chonsecho wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu amenewa amadziwa siteji imene imadzaza 5 koloko m'mawa, malo amene amagulitsira okwera chifukwa njira yatha phindu, tsiku la mwezi limene anthu amayamba kunenerera mtengo chifukwa malipiro atha. Zikwangwani za masiteji zikadzaikidwa, zilembedwe maina amene anthu amatchula kale, osati manambala atsopano ochokera mu ofesi. Mtengo wa njira iliyonse umatidwe pa galasi m'Chichewa, pamene wokhala mzere womaliza atha kuuwerenga. Ndipo pa nkhani ya tageti, eni galimoto afunsidwe poyera kuti ndi ndalama zingati zimene amafuna pa tsiku, ndi kuti dalaivala angazipeze bwanji atanyamula atatuatatu pa mtengo wa mafuta wa lero.